Sindinaimirire Pamene Anaitana Alendo

Kutchalitchi kwathu kuli mwambo wina. Misa ikamatha, ansembe asanadalitse anthu, wolengeza amapita kutsogolo n'kunena kuti, "Ngati pali alendo pakati pathu, aimirire tiwaone." Mlendo amaimirira, amanena kumene wachokera, anthu n'kumuombera m'manja. Mwambowu si woipa. Anauyambitsa ndi mkazi wanga. Koma chaka chatha anafuna kundiimiritsa nawo ine, ndipo ndinakana. Anthu alankhula zambiri. Ena akuti ndine wamakani, ena akuti ukalamba wandisokoneza mutu. Ndiye ndalemba ndekha, kuti zidzukulu zanga zisadzamvere kwa ena.

Ndine Mlomwe wa ku Phalombe. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kulemba ndimatha, ndipo zimene ndinaona sindinaiwale. Kuno ku Nkhata Bay ndinabwera pa lole ya esiteti, nditangokwatira kumene, kudzacheka mitengo ya labala. Ntchito yake imafuna dzanja lofatsa. Umafika pamtengo dzuwa lisanatenthe, umasenda khungwa pang'ono ndi mpeni wopindika, utomoni woyera n'kumatsikira m'kakapu. Ukacheka mozama walasa mtengo. Ukacheka pamwamba sipatuluka kanthu. Ndinagwira ntchitoyo mpaka maso atayamba kuchita chidima, ndipo palibe kapitawo amene anandibwezapo pa mzere wanga.

Kukomboni, kumene esiteti inatimangira nyumba, tinali anthu osakanikirana: Alomwe, Asena a ku Nsanje, Angoni a ku Ntcheu, Achewa a ku Dedza, ndi Ayao angapo. Ukangodumpha msewu, midzi yonse inali ya Atonga, asodzi ndi alimi a chinangwa, Apresbateria kuyambira agogo awo. Anthu ophunzira, okonda kuvala. Lamulungu ankatuluka ndi jekete ndi tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ife tinkanunkha labala. Fungo lake silimva sopo. Pamsika pa Sanga, amayi ogulitsa usipa ankadziwa kuti kwafika wa kuesiteti asanatembenuke n'komwe.

Akatolika tinalipo ochepa. Tinkapemphera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa komboni, chithunzi cha Maria titachikhomera pathunthu. Wansembe anali mzungu wa ndevu. Ankabwera pa njinga yamoto mwa apo ndi apo, nthawi ya dzinja osaoneka. Chinenero cha kuno chimene ankadziwa chinali Chitumbuka, chifukwa ankatsika kuchokera kumtunda. Ndiye kulapa kwathu kunali kotere: ine ndikuulula machimo m'Chichewa, iye akuyankha m'Chitumbuka, aliyense akugwedeza mutu. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndikanene "Monire Mariya" katatu. Mawu akuti monire ndinali nditawamva pamsika, ndi moni. Ndinapita pachithunzi paja, ndinavula chipewa, n'kunena kuti, "Moni amayi. Moni amayi. Moni amayi." Ndinabwerera pamalo panga mtima uli m'malo.

Mkazi wanga anaona zonse. Anaseka mpaka misozi.

"Bambo, akutanthauza pemphero la Tikuoneni Maria! Inu mwangowapatsa moni ngati mwakumana nawo kuchigayo?"

"Nanga adandaula?" ndinatero.

Nkhani imeneyi sanaisiye mpaka imfa yake.

Mtengo wa mango uja unali pa malo a esiteti, ndipo tsiku lina anatiuza kuti pamangidwa nyumba zina. Tinayamba kufuna malo athuathu. Tinayenda midzi itatu. Kulikonse anatilandira bwino, anatipatsa mipando, kwina anatiphera nkhuku. Tikatha kudya, funso linali limodzimodzi: "Kodi inu alendo, mubwerera liti kwanu?" Malo osatipatsa. Ena ankanena poyera kuti safuna Aroma ogwadira zidole pafupi ndi ana awo.

Amene anatipatsa malo anali msodzi wina, wamkulu pang'ono kwa ine, amene ankabwera kukomboni pa njinga kudzagulitsa nsomba. Munthu wa pakamwa pakuthwa. Ine ndinkamutcha "ada", monga amaitanirana amuna kuno. Iye ankanditcha "a labala".

Atamva za vuto lathu anati, "A labala, mukulira chiyani? Kumtunda uko kuli munda wa amayi anga. Nthaka yake inatha, ndi chinangwa chomwe chikukana. Kagwadireni zidole zanu kumeneko, mwina n'kumera."

"Akulu a mpingo wanu adzati chiyani?"

"Munda ndi wa amayi anga, si wa mpingo."

Kwawo anamudzudzula, koma sanabweze mawu.

Tinkaumba njerwa Loweruka lililonse tikaweruka. Asena ndiwo ankadziwa dothi ndi kutentha uvuni. Angoni anadula mitengo ya denga. Amayi ankatunga madzi kumtsinje, mtunda wotopetsa, ana ali kumsana. Mabenchi oyamba anapala ndi Myao wina, Msilamu, mnansi wanga kukomboni. Anati m'nyumba yathu sadzalowamo, koma sangalole anthu amene amadya nawo kukhala pafumbi. Ine ndinaika mazenera, anayi mbali iyi, anayi mbali iyo. Limodzi linapendekeka, lachitatu kudzanja lamanja, ndipo mpaka lero silitsekeka bwino. Ndi pamene ndimakhala. Belu lathu linali limu ya thirakitala yopachika pamtengo. Tchalitchicho anachikuza kawiri, koma khoma la kudzanja lamanja ndi lomwe lija.

Chaka china mphepo ya mkuntho inasasula denga lonse. Tinapemphera Lamulungu atatu mvula ikutinyowetsa. Lachinayi lake akulu omwe aja, amene ankati timagwadira zidole, anatitumizira uthenga kuti tikapemphere m'kalasi ya sukulu yawo mpaka titafolera. Anatipempha chinthu chimodzi, kuti lubani tisafukizemo. Tinamvera. Zimenezi ndimazinenanso, chifukwa sindikulemba kuti ndinyoze Atonga.

Anthu anachuluka. Kunabwera aphunzitsi ndi achipatala a Chitumbuka ochokera ku Mzimba ndi ku Rumphi, kunabwera olima mpunga a ku Limphasa, ndipo Atonga enanso anayamba kulowa, ambiri kudzera m'maukwati. Patapita zaka anatipatsa wansembe wokhala pompano, tinakhala parishi. Musaganize kuti zinali zosalala. Tinakangana za nyimbo. Lamulungu lina kwaya inagawanika pakati, awa akuimba Chitumbuka, awa Chichewa, ng'oma ili imodzi, woimba ng'oma osadziwa kuti atsate ati. Tinakangana za chakudya cha pamisonkhano, a kuno akuti chimanga sichikhalitsa m'mimba, ife tikuti kondowole, nsima yawo ya chinangwa, amamata kukhosi. Za chinenero ndiye tinatsala pang'ono kumenyana. Mapeto ake tinagwirizana. Mawu oyamba amawerengedwa m'Chichewa, achiwiri m'Chitumbuka, zolengeza m'Chitonga ndi m'Chichewa. Pemphero la Atate Athu aliyense amanena m'chinenero cha amayi ake, nthawi imodzi. Wansembe wina wobwera kudzathandiza anati limamveka ngati phokoso la pamsika. Ndinawayankha kuti pempherolo sitikunena kwa iwo.

Za alendo zinayamba motere. Chaka chilichonse lole inkabweretsa antchito atsopano. Ankalowa m'tchalitchi mwamantha, kukhala kumbuyo, Misa ikatha n'kuzemba. Mkazi wanga zinkamupweteka. Anati, "Ifenso tinafika choncho. Aziimirira tiwadziwe." Koma anaikapo lamulo, ndipo lamulolo ndi limene achinyamata aiwala. Munthu amaimirira kamodzi kokha. Tsiku limenelo ankadya kwa mmodzi wa ife, tinkam'pezera limana, kagulu ka mabanja opempherera limodzi mkati mwa sabata. Loweruka lotsatira tinkam'patsa tsache kapena khasu kuti asese kapena alambule nafe. Akagwira tsache, chilendo chatha. Wina akamutchanso mlendo, mkazi wanga ankamukalipira ngati watukwana.

Msodzi uja anali ndi mwana wamwamuna. Atakula anakonda mtsikana wa kukomboni, Msena, ndipo analowa Chikatolika kuti amukwatire. Pa ubatizo wake ndinamuimirira ndine. Bambo ake anatha zaka ziwiri osandipatsa moni. Tsiku lina titakumana pamsika anangoti, "Ndinakupatsani munda, mwatenganso mwana. Mawa mudzatenga bwato." Ndinati bwato lake ndi lobooka, sitilifuna. Apo m'pamene tinayambiranso kulankhulana. Mwana ameneyo lero ndi bambo wa imvi zake, ndiye wapampando wa parishi. Ndi amene ndinakangana naye chaka chatha.

Koma ndiyambe ndanena za mkazi wanga. Nditapuma ntchito, nyumba ya esiteti inayenera kubwezedwa. Anzanga ambiri anakwera basi kubwerera kwawo. Ife tinamanga kanyumba pafupi ndi tchalitchi. Ku Phalombe ndinali nditapitako pa maliro a amayi anga. Anandilandira bwino, anandiyalira mphasa yatsopano, ana a achemwali anga akunong'onezana kuti kwabwera alendo a ku Nkhata Bay. Munda umene ndinkalima ndili mnyamata unali ndi eni ake. Tsiku lachitatu anandifunsa kuti ndinyamuka liti. Ndiye tikanabwerera kukatani? Mkazi wanga anali ataphunzira kuviika chinangwa ndi kusinja kuposa akazi ena obadwira kuno. Ana athu onse anayi anabadwira kuno, Chitonga amalankhula kuposa Chilomwe.

Atadwala matenda ake omaliza anandiuza masana ena, tili awiri pakhonde: "Musadzandikweze galimoto. Mudzandiike kuseri kwa tchalitchi." Kuseriko kuli manda athu. Tinawayamba ndi kamwana ka Msena wina amene analibe njira yopititsira maliro ku Nsanje.

Atamwalira, abale ake anafika kuchokera ku Phalombe ndi galimoto. Kwathu mkazi ndi wa kwawo, mwamuna alibe mawu pa mtembo wake. Mchimwene wake wamkulu anandiitanira pambali.

"Alamu, mlongo wathu sangagone kuchilendo."

"Kuno si kuchilendo."

"Nanga ndi kwanu? Makolo anu ali kuno?"

"Ana ake ali kuno. Madzi a njerwa izi anatunga ndi iyeyo. Ndiponso ananena yekha."

"Wodwala amanena zambiri."

Tinakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Sindinagonje. Galimoto inabwerera ndi anthu okhaokha, ndipo alamu angawo anamwalira tisanagwirizanenso. Mtolo umenewo ndinausenza ndekha.

M'mawa wa tsiku loika, okumba manda atayamba, tinaona msodzi uja akubwera ndi khasu paphewa. Nthawi imeneyo anali kale mkulu wa mpingo wa Chipresbateria. Anawakankha okumbawo. "Chokani apo, pali mwala pansi. Munda uwu ndinalima ndili mwana. Kumbani apa." Anakumba nawo mpaka dzenje linamufika m'chiuno.

Tsopano ndafika pa nkhani yake. Chaka chatha parishi inakonza chikondwerero chokumbukira chiyambi chake. Kutatsala milungu iwiri, wapampando anabwera kunyumba kwanga ndi kabuku kosindikiza. Iye amanditcha "ada". Ine ndimamutcha "mwana wanga", imvi zake zomwezo.

"Ada, ndabweretsa mbiri ya parishi. Inunso mulimo. Ndikuwerengereni?"

"Werenga."

Anawerenga. Mzere woyamba unati mpingo uno unayambitsidwa ndi alendo ochokera m'chigawo chapakati ndi cha kummwera. Patsogolo pake, alendowa anaumba njerwa. Alendowa anapirira. Ndinkapinda zala. Mawu amenewo analimo kasanu ndi kawiri. Kumapeto kunali ndondomeko ya tsikulo. Popereka mphatso anthu adzayenda m'magulu atatu: eni dera, abale a kumtunda, ndi alendo. Misa ikamatha, alendo amene anayambitsa mpingo adzaimirira, anthu adzawaombera m'manja, ndipo ine, monga wamkulu wawo, ndidzalandira bulangete kuchokera kwa nthumwi ya a episkopi.

"Wamaliza?"

"Eya, ada. Mwakondwa?"

"Mlendo ndi ndani?"

Anaseka. "Aa, ada, ndi mawu chabe. Kwathu kuno mlendo ndi munthu wolemekezeka. Mpando wabwino ndi wake, nsomba yaikulu ndi yake."

"Ndikudziwa. Mpandowo ndinaukhalira m'midzi itatu. Ukatha kudya amakufunsa kuti ubwerera liti."

"Palibe amene akukuthamangitsani."

"Iwe unabatizidwira kuti?"

"Mukudziwa, munandiimirira ndinu."

"Pamene unkalowa pakhomo lija koyamba, unapezamo ndani?"

Anatsitsa maso pa kabuku kake, ine ndinapitiriza.

"Unaimirira monga mlendo, ndikukumbuka. Malaya oyera, thukuta lili kamukamu. Unadya kwathu. Loweruka lake mkazi wanga, amayi ako aja, anakupatsa tsache. Kuyambira tsiku limenelo, alipo amene anakutchanso mlendo?"

"Palibe."

"Ndiye ine tsache langa silinakwane?"

Anayamba kupukuta nkhope ndi mpango. Anati timabuku tasindikizidwa kale ku Mzuzu, tagawidwa kale m'malimana monse, komiti inavomereza, bambo mfumu, wansembe wa parishi, anavomereza. Kenako anatsitsa mawu. "Ada, chonde. Mungoimirira kamphindi. Mukakana mundichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu."

Mwana ameneyu ndimamukonda. Ananyamula nawo bokosi la mkazi wanga. Manyazi ake sindinawafune. Koma ndinaona kuti ndikaimirira, ndiye kuti ndavomera pamaso pa mpingo wonse kuti alamu anga ananena zoona, kuti mkazi wanga wagona kuchilendo, ndipo ndinamugoneka kumeneko ndine.

"Sindiimirira," ndinatero. "Bulangete ukapatse wina."

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito pa loji ina ku Kande, anakwera minibasi dala kudzandinyengerera.

"Ababa, anthu akufuna kukulemekezani, inu mukufuna nkhondo. Chifukwa cha liwu limodzi lokha?"

"Iwe kwanu n'kuti?"

"Konkuno."

"Mwana wa mlendo akhala bwanji mwini? Lero awerengera ine. Mawa adzawerengera ana ako."

"Amayi akanakhalapo akanakuletsani."

"Amayi ako akanalowa mu ofesi ndi tsache."

Anachoka atakwiya, tiyi osamaliza.

Mwa amene tinaumba njerwa tatsala atatu: ine, mayi wina wamasiye wa Chisena, ndi mkulu wina wa Chingoni amene samva bwino. Sindinapite kukawakopa. Mayi wa Chisena ndiye anandiimitsa yekha panjira n'kundifunsa ngati zimene akumva n'zoona. Ndinati n'zoona. Anapukusa mutu. "Koma achimwene, bulangetelo mukanalandira n'kundipatsa ine. Kukuzizira." Ndinati iye aimirire, palibe womuletsa. Kwa msodzi sindinapiteko. Nkhani ya m'tchalitchi mwathu sindinkafuna kuitulutsira kutsidya kwa msewu.

Tsiku linafika. Anthu anadzaza mpaka panja, pansi pa matenti. Ndinavala suti yanga yakuda, ndinalowa molawirira, n'kukhala pa zenera langa lopendekeka. Ukakhala pamenepo n'kusuzumira, mtanda wa mkazi wanga umaoneka. Nthawi ya mphatso magulu anayenda monga analembera. Eni dera ananyamula nsomba ndi chinangwa, a kumtunda nyemba ndi mbatata. Gulu lachitatu linabwera ndi nandolo ndi mpunga, patsogolo pawo chikwangwani cholembedwa kuti ALENDO. M'gulu limenelo ndinaona zidzukulu zanga ziwiri, zobadwira ku Chintheche. Sindinayende nawo.

Msodzi uja anamuitana monga munthu amene anapereka malo. Anamukhazika kutsogolo pa mpando wa khushoni, pafupi ndi nthumwi ya a episkopi. Jekete, tayi, ndodo pakati pa miyendo. Wakalamba kuposa ine, m'nyanja anasiya kalekale, koma pakamwa sipanakalambe.

Wapampando anawerenga mbiri yonse. Liwu lija sanalidumphe ngakhale pamodzi, koma akafika pamene lili mawu ake ankatsika. Atamaliza anati, "Tsopano tikupempha alendo athu amene anayambitsa mpingo uno kuti aimirire, tiwaone."

Ndinakhala.

Mitu inatembenuka. Mkulu wa Chingoni sanamve kanthu, ankangomwetulira. Mayi wa Chisena anagwira benchi, anadzuka theka, anandiyang'ana, n'kukhalanso pansi akukonza nsalu ngati ndiyo inamudzutsa.

Wapampando anabwereza m'Chitonga. Anabwerezanso m'Chitumbuka. Bambo mfumu anandikodola ndi dzanja. Mwana wanga wamkazi anabisa nkhope m'chitenje. Ine maso anga anali pazenera. N'kolemera kukhala pansi tchalitchi chonse chikukudikira. Koma miyendo ndinaiuza kuti isayerekeze.

Kenako kutsogolo kunamveka ndodo ikugogoda simenti. Msodzi anali kudzuka pang'onopang'ono, wina akufuna kumugwira, iye akukana.

"Mwati alendo?" anatero ndi Chichewa chake chopendekera ku Chitonga. "Ndili pano. Ndachokera kutsidya kwa msewu, mpingo wa Chipresbateria. M'nyumba muno ndalowamo katatu. Pa ukwati wa uyu wagwira pepalayu, pamene ndinakhala kumbuyo nditakwiya. Pa maliro. Ndi lero. Ndiye mlendo ndine. Ombani m'manja."

Ena anaseka, ena anaomba mosadziwa chochita. Iye analoza ndi ndodo kumene ndinakhala.

"Awo mukuwaitanawo asiyeni. Akazi awo ali kuseri uku, ndinakumba nawo ndine. Iwe," anatembenukira mwana wake, "unaonapo mlendo woika zenera lopindika chotero n'kumakhala pomwepo zaka zonsezi? Mlendo akanathawa kalekale ndi manyazi."

Apo tchalitchi chonse chinafa ndi kuseka, ndi nthumwi ya a episkopi yomwe. Ine sindinaseke. Ndinayankha ndili chikhalire.

"Mwaimirira kamodzi, ada. Loweruka mubwere, tikupatseni tsache."

"Ndisesere zidole? Yewu, a labala, koma ayi!"

Wapampando anapinda pepala lake. Sanaitanenso. Bambo mfumu anadalitsa anthu.

Si onse anakondwa. Ena a komiti sandipatsa moni mpaka pano, akuti ndinaononga tsiku limene anakonzekera miyezi yambiri. Bambo mfumu anandiuza kuti kunyada ndi tchimo. Ndinapita kukalapa, ndinaulula kunyada, chifukwa ndili nako. Kukhala pansi sindinaulule. Iwo ndi Mtumbuka, ndipo anandipatsa Monire Mariya katatu. Ndinakanenera kuseri, pa mtanda paja, ndipo ndinkangomva ngati wina akundiseka.

Patapita masiku anayi wapampando anabwera, bulangete kukhwapa, kabuku m'manja. Ndinam'patsa mpando. Anaukana, n'kukhala pansi pakhonde.

"Ada, ndilembepo chiyani?"

"Kulemba umadziwa kuposa ine."

"Ndilembe kuti obwera?"

"Ndani sanabwere? Agogo ako anamera ngati chinangwa?"

"Akhristu oyamba?"

"Lemba zimenezo."

Anatulutsa cholembera, anafufuta malo onse asanu ndi awiri ine ndikuona, n'kulemba pamwamba pake. Kabuku kameneko ndi kamene kakusungidwa mu ofesi ya parishi. Bulangete ndinamuuza kuti akapereke kwa mayi wa Chisena.

Timabuku tina tija tili m'nyumba za anthu, ndipo liwu lija lili momwemo. Sindingatitolere tonse. N'chifukwa chake ndalemba zangazi. Ana anga ndawaonetsa kale podzakumba manda anga, kumanzere kwa amayi awo. Msodzi akuti pamenepo palibe mwala. Lamulungu lililonse wolengeza akati alendo aimirire, ndimatembenuka kuti ndione amene wabwera, ndimamuombera m'manja, ndipo Misa ikatha ndimamudikira pakhomo n'kumufunsa ngati Loweruka ali ndi nthawi.